"Ndege ili m'manja mwako": sabata ya makadeti ku Cranwell

Loweruka

Tafika ku Cranwell, bwalo la ndege la asilikali m'dera la Lincolnshire, dzuwa litapendeka, titapanikizana m'maminibasi ndi zikwama, nsapato zopolishidwa mpaka kuwala, ndi mayunifolomu opachika pamahang'ala kuti asakwinyike. Ine ndine mmodzi wa akuluakulu odzipereka amene taperekeza anawa. Ntchito yanga ndi kuwerenga mitu, kusunga mafomu a makolo, ndi kuonetsetsa kuti aliyense ali pamene akuyenera kukhala.

Kwa amene simukudziwa, kuno ku Britain kuli bungwe la achinyamata lotchedwa Air Training Corps. Linakhazikitsidwa mu 1941, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili mkati, ndipo limayenda mothandizidwa ndi gulu la asilikali a mumlengalenga la Royal Air Force. Mwana amalowa ali ndi zaka 12 kapena 13, ndipo akalowa amatchedwa kadeti. Amakumana ndi anzake madzulo kawiri pa sabata n'kumaphunzira perete, kuwerenga mapu, kuthandiza munthu wovulala, ndi mmene ndege imaulukira. Palibe amene amamukakamiza kudzakhala msilikali, ndipo ambiri sadzakhaladi asilikali. Koma afunseni chimene analowera, yankho limakhala limodzi: akufuna kuuluka. Ambiri mwa amene tabwera nawo sanakwerepo ndege yaing'ono, ndipo ena sanakwerepo ndege ya mtundu uliwonse.

Dera la Lincolnshire lilibe mapiri aatali. Ndi minda yokhayokha, thambo n'kukhala mbali zonse. N'chifukwa chake mabwalo a ndege anachuluka kuno nthawi ya nkhondo, kuwonjezera pa kuti derali lili kum'mawa, moyang'anizana ndi Germany kutsidya kwa nyanja. Tisanafike pachipata tinayenda pa msewu wowongoka kwambiri wotchedwa High Dyke, womwe ndi chigawo cha Ermine Street, msewu umene Aroma anamanga kuchokera ku London kudzera ku Lincoln mpaka ku York.

Usiku uno tulo tavuta. Ndikulemba pano m'zipinda mukumveka manong'onong'o, ndipo nkhani ndi imodzi: ndani ayambe kukwera.

Lamlungu

Lero linali tsiku loyenda wapansi ndi kudziwa malo. Cranwell inayamba mu 1916 ngati malo ophunzitsira oyendetsa ndege a asilikali a pamadzi. Royal Air Force itakhazikitsidwa mu 1918 malowa anapita m'manja mwake, ndipo mu 1920 mkulu wa gululi, Hugh Trenchard, anatsegulapo koleji yophunzitsa akuluakulu a asilikali a mumlengalenga. Nyumba yaikulu ya kolejiyi, College Hall, inatsegulidwa mu 1934. Pamwamba pa nsanja yake pali nyale yonga ija yotsogolera zombo kugombe, ngakhale nyanja ili kutali ndithu.

Ana anamvetsera mwaulemu, koma maso awo anali kubwalo la ndege. Anayamba kutchera khutu pamene wotiperekeza anatchula Frank Whittle. Mnyamata ameneyu atafunsira koyamba kulowa usilikali wa mumlengalenga anamubweza, ati ndi wamfupi kwambiri ndipo chifuwa chake n'chaching'ono. Sanagwe ulesi. Anayesanso, ndipo mu 1923 anafika pano pa Cranwell ngati wophunzira ntchito yokonza ndege. Mu 1926 anasankhidwa kulowa koleji, ndipo ali konkuno anayamba kuganiza za ndege yothamanga kwambiri, youluka pamwamba kwambiri, yosadalira pulopela. Mu 1930 analembetsa kuboma nzeru yake ya injini ya jeti. Pa 15 May 1941, ndege yoyamba ya jeti ya dziko la Britain, Gloster E.28/39, inanyamuka pabwalo lomwe lino n'kuuluka kwa mphindi 17, woyendetsa wake ali Gerry Sayer. Whittle anamwalira mu 1996, ndipo phulusa lake linabwera kudzaikidwa konkuno.

Pagulu lathu pali mtsikana wa zaka 13, wamng'ono thupi kuposa onse. Nkhani ya Whittle itatha anandiyandikira.

"Mayi, kodi mawa akandiyeza n'kupeza kuti ndine wamfupi, andibweza?"

Funso lakelo linali ndi chifukwa, poti aliyense amayezedwadi. Mu ndege yaing'ono kulemera kwa munthu si nkhani yochepa: woyendetsa amawerengera kulemera kwake, kwa mnzake ndi kwa mafuta, kuti ndege isalemere mopitirira ndiponso isalemere mbali imodzi. Parachuti nayonso iyenera kumukwana munthu bwino, malamba a mpando n'kumugwira mwamphamvu. Ndinamuuza zimenezi monga zilili, n'kuwonjezera kuti pali makushoni amene amaika pampando kuti wamfupi aziona kunja. Sindinamulonjeze kanthu, chifukwa chigamulo si changa.

Madzulo tinadutsanso mafomu onse. Kholo lililonse linasaina kuvomera kuti mwana wake auluke, ndiponso kunena za thanzi lake. Wa chimfine sauluka, chifukwa mphuno ndi makutu zikatsekeka, kusintha kwa mphamvu ya mpweya pokwera ndi potsika kumapweteketsa makutu koopsa. Mnyamata wina amene wakhala akufwenthera kuyambira dzulo anayesetsa kubisa, koma tinamumva.

Lolemba

Tinadzuka m'mamawa, ana atavala kale tisanawadzutse. Pofika kunyumba ya gulu loulutsa makadeti, lomwe pano ndi la nambala 7, thambo linali lotuwa ndipo mitambo inali pansi. Palibe mwana amene anafuna kuyang'ana kumwamba.

Ndege yake ndi Grob Tutor, yopangidwa ku Germany, ndipo yakhala ikugwira ntchitoyi kuyambira 1999. Isanabwere imeneyi kunali Bulldog, ndipo kale kwambiri kunali Chipmunk, yomwe inayamba kunyamula makadeti pamene magulu amenewa anakhazikitsidwa mu 1958. Tutor ndi yoyera, ya mipando iwiri yoyandikana, kotero kuti mwana ndi woyendetsa amakhala phewa ndi phewa pansi pa denga lagalasi lotsetsereka. Kuchokera kunsonga ya phiko lina kufika kunsonga ya linzake ndi mamita 10. Thupi lake si lamalata koma la ulusi wa kaboni woumbidwa molimba, ndipo ikadzaza anthu ndi mafuta sifika tani imodzi. Kutsogolo kuli injini ya Lycoming ya masilinda anayi, ya mahosipawa 180.

Makaniko wina anatizungulitsa ndege imodzi m'shedi, ndipo ana anamuunjirira. Anawaonetsa kuti mafuta amakhala m'mapiko, ndi kuti ndi obiriwira mwa mtundu wa thambo, anawathira dala mtundu kuti munthu asawasokoneze ndi mafuta a ndege za jeti. Silinda iliyonse ili ndi mapulagi awiri, ndipo moto wake umachokera ku mamagineto awiri osadalirana, osadaliranso batire. Ina ikafa, injini imapitirira ndi inzake. Mnyamata wina wokonda za magalimoto anafunsa kuti magiya ali pati. Makaniko uja anamwetulira n'kumuonetsa pulopela: masamba ake amapendeka mochuluka kapena mochepa kuti agwire mpweya wambiri kapena wochepa, ndiye ntchito ya magiya imathera pamenepo.

Kenako tinalowa m'chipinda choonera filimu ya chitetezo. Apa phokoso linatha. Mwana aliyense amauluka atavala parachuti, ndipo asanakwere ayenera kusonyeza kuti akudziwa chochita woyendetsa akamuuza kuti adumphe: kuchotsa denga lagalasi, kumasula malamba a mpando osakhudza a parachuti, kutuluka, kenako kukoka chogwirira cha parachuti. Aliyense anachita zimenezi pampando wophunzirira, kubwereza mpaka manja atazolowera. Anauzidwanso kukhuthula matumba onse. Kandalama kachitsulo kapena cholembera chikagwa ndege ili m'mwamba chikhoza kulowa mmene mumadutsa zitsulo zowongolera n'kuzitsekereza.

Ndikufuna ndinene chinthu chimodzi poyera, chifukwa makolo amandifunsa. Ntchito imeneyi inakhalapo ndi maliro. Mu February 2009 ndege ziwiri za Tutor zinawombana m'mwamba pafupi ndi Porthcawl ku Wales, ndipo oyendetsa awiri ndi makadeti awiri anamwalira. Mu June chaka chomwecho, ina inawombana ndi ndege yopanda injini ku Oxfordshire; woyendetsa ndi kadeti anamwalira, pamene wa ndege inayo anapulumukira parachuti. Zitachitika zimenezi ndegezi anaziika zipangizo zochenjeza ndege ina ikayandikira, ndipo kuphunzitsa ana za kutuluka mu ndege kunalimbikitsidwa. Ndikaona mwana akubwereza kumasula malamba kachisanu ndi chiwiri, nkhope itachita tsinya, ndimadziwa kuti lamulo limeneli linagulidwa ndi miyoyo, ndipo sindimufulumizitsa.

Nthawi ya m'ma 10 koloko mkulu wa oyendetsa anabwera ndi pepala la zanyengo. Anawafotokozera ana kuti mitambo imawerengedwa pogawa thambo m'magawo 8, ndipo lero onse 8 anali ophimbika, mitamboyo ili pafupi kwambiri ndi nthaka. Maulendo a makadeti amayenda woyendetsa akuona ndi maso kumene akupita, akuona nthaka ndi ndege zina. Tinadikira. Masana kunayamba mvula yamawawa, ndipo itakwana 2 koloko anatiuza kuti lero zakanika.

Pobwerera palibe amene anayankhula. Mtsikana wamng'ono uja yekha ndiye anali ndi nkhani yabwino: amuyeza, ndipo auluka.

Lachiwiri

Mvula sinaleke, choncho tinapita ku Lincoln. Tchalitchi chachikulu cha mumzindawu chimaonekera patali kwambiri chifukwa chili pamwamba pa mtunda waukulu. Anayamba kuchimanga mu 1072, ndipo kuyambira 1311 mpaka nsonga ya nsanja yake itagwa mu 1548, akuti panalibe nyumba ina yaitali kuposa imeneyi padziko lonse. Nthawi ya nkhondo, anyamata obwerera m'bandakucha kuchokera koponya mabomba ankati akaona nsanja zake amadziwa kuti afika.

Kutsidya kwa mzindawu, pa Canwick Hill, pali malo okumbukira asilikali a gulu loponya mabomba otchedwa International Bomber Command Centre, omwe anatsegulidwa mu 2018. Pakati pake pali chipilala chachitsulo cha mamita 31, kutalika kofanana ndi mapiko a ndege yoponya mabomba ya Lancaster, ndipo mozungulira muli makoma achitsulo olembedwa mayina. Mwa amuna pafupifupi 125,000 amene anauluka m'gulu loponya mabomba, 55,573 anafa. Lancaster imodzi inkanyamula anthu 7, ndipo ambiri mwa iwo anali atangopitirira pang'ono zaka 20.

Ana anabalalika m'makomamo, ena akufufuza mayina a mabanja awo. Mkulu wa makadeti athu, mnyamata wa zaka 17, anaima nthawi yaitali pamalo amodzi. Nditamufika anati, "Mayi, awatu anali anzanga a kalasi yapatsogolo chabe."

Chimene ndinayamikira pamalowa n'chakuti sabisa za amene anali pansi pa mabombawo. Amanena za mizinda ya ku Germany, Hamburg mu 1943 ndi Dresden mu 1945, ndi za anthu wamba ambirimbiri amene anapsera m'nyumba zawo. Ndikuona kuti n'koyenera mwana wovala yunifolomu, amene mawa akakwera ndege ya asilikali, aone mbali zonse ziwirizi asanakwere. Kukonda kuuluka ndi chinthu chabwino, ndipo ndikufuna ana athu akukonde akudziwa zimene ndege yachitapo kwa anthu.

Madzulo mitambo inayamba kung'ambika chakumadzulo. Ana anatuluka panja kukaiona, mvula ikanali kudontha m'madenga.

Lachitatu

Kunacha bwino. Thambo loyera, timitambo tochepa pamwamba, kamphepo kochokera kumadzulo. Pofika kubwalo tinapeza ndege zitatulutsidwa kale, oyendetsa akuzizungulira, kugwedeza zipsepse za m'mapiko, kusuzumira mafuta, kusisita pulopela ndi dzanja kuti amve ngati pali pobenthuka. Mayina a ana anali atalembedwa pabolodi.

Wovalitsa amamupatsa mwana ovolosi yobiriwira, magolovesi, helemeti yokhala ndi zomvera ndi cholankhulira, ndipo pomaliza parachuti. Malamba ake amadutsa m'mapewa ndi pakati pa miyendo, ndipo amamangidwa zolimba kotero kuti mwana sangaime chowongoka. Amayenda chowerama ngati nkhalamba. Anzake amaseka, naye amaseka, koma akangotuluka pakhomo kuseka kumatha. Wogwira ntchito pabwalo amayenda naye mpaka pandege, n'kumuonetsa poponda paphiko, chifukwa si paliponse pamene pamapondedwa. Akakhala pansi amamumanga, denga lagalasi n'kutsekedwa.

Ife otsala tinaima kuseri kwa mpanda. Ndege imayenda pang'onopang'ono mpaka kumapeto kwa msewu wake, n'kuima, woyendetsa n'kuyesa injini. Imanyamuka moyang'anizana ndi mphepo, chifukwa chimene chimanyamula phiko ndi liwiro la mpweya wodutsa pa ilo; mphepo ikamachokera kutsogolo, ndege sifunika kuthamanga mtunda wautali. Manambala akuluakulu olembedwa kumapeto kwa msewuwo amanena kumene waloza pakampasi: 09 ndi kum'mawa, 27 ndi kumadzulo. Tutor ikafika liwiro la manoti pafupifupi 60, omwe ndi makilomita opitirira pang'ono 100 pa ola, woyendetsa amakokera ndodo kumbuyo pang'ono, ndipo mateyala amasiya nthaka. Kuona kandege kakang'ono chonchi kakukwera, ukudziwa kuti muli mwana amene dzulo unamuthandiza kufunafuna sokosi, mtima umagunda ndithu.

Ulendo uliwonse ndi wa mphindi 20 kapena kupitirira pang'ono. Mtsikana wamng'ono uja anapita m'mawa womwewo. Atabwerera anavula helemeti, tsitsi lili nyankhalala, ndipo kwa kanthawi mawu anamusowa. Kenako zinatuluka zonse nthawi imodzi, ndipo ndilemba monga anafotokozera.

Akuti atakwera mafiti ngati 3,000, woyendetsa anamuonetsa kaye mmene ndodo imagwirira ntchito. Ukaipendekera kumanja, phiko lakumanja limatsika ndipo ndege imakhota. Ukaikankhira kutsogolo mphuno imatsika, liwiro n'kukwera; ukaikokera kwa iwe mphuno imakwera, liwiro n'kutsika. Kumapazi kuli zopondera ziwiri zogwedeza chipsepse cha kumchira. Atamuonetsa zonsezi, bambo uja anamuuza kuti agwire ndodo yake.

"Ndege ili m'manja mwako."

"Ili m'manja mwanga, bwana."

Mawu amenewa ana amawaloweza asanakwere, ndipo amanenedwa nthawi iliyonse ndege ikamachoka m'manja mwa wina kupita kwa mnzake, kuti pasakhale mphindi imene aliyense akuganiza kuti mnzake ndiye akuyendetsa. Woyendetsa anakweza manja ake m'mwamba kuti mtsikanayo awaone.

Akuti poyamba anafinya ndodo ndi dzanja lonse, ndege n'kuyamba kudumphadumpha. Maso ake anali pa mawotchi a kutsogolo. Bambo uja anamuuza modekha, "Masula dzanja, igwire ndi zala zokha. Usayang'ane m'kati, yang'ana kunja kumene thambo lakumana ndi dziko. Mzere umenewo usasunthe." Atatero ndege inakhazikika. Anakhota kumanzere yekha, kenako kumanja, akuthamanga manoti ngati 100, omwe ndi makilomita 185 pa ola, koma iye akuti zinkaoneka ngati aima malo amodzi, minda ikuyenda yokha pansi. Kumpoto anaona tchalitchi cha ku Lincoln chimene tinalowamo dzulo. Kum'mawa anaona nsanja ya tchalitchi cha ku Boston, ndi kuseri kwake kuwala kwa madzi a nyanja pamalo otchedwa The Wash. Msewu wa Aroma uja anauzindikira yekha chifukwa cha kuwongoka kwake.

Chimene ananyadira kwambiri sichinali kukhota. Woyendetsa anali atamuuza kuti maso a anthu awiri amaposa a mmodzi, ndipo akaona ndege ina anene, pogwiritsa ntchito manambala a wotchi: 12 koloko kutsogolo, 3 koloko kumanja, 9 koloko kumanzere. Iye anaona kadontho kakuyenda ndipo ananena, "Bwana, ndege pa 10 koloko, pansi pathu." Bambo uja anayang'ana, anaipeza, n'kumuthokoza.

Ndakhala ndikuganizira zimenezi madzulo onse. Mwana wa zaka 13 tsiku lililonse amauzidwa kuti dikira, usagwire, ukadali wamng'ono. Lero munthu wamkulu amene wauluka zaka zambiri wamupatsa ndege yeniyeni, m'mwamba mwenimweni, n'kuchotsa manja. Inde, manjawo anali pafupi, ndipo akanailanda nthawi iliyonse. Koma kwa mphindi zimenezo ndege inkamvera mwanayo, ndipo mawu ake akuti waona ndege ina analandiridwa ngati mawu a mnzake wa pantchito. Ndaona ana akupatsidwa mphoto zambiri ndi masatifiketi, ndipo sindinaone chimene chinawaimika chowongoka ngati ichi.

Aliyense wouluka amalemberedwa m'kabuku kake ka utumiki, kamene amakatchula ndi nambala yake, 3822: tsiku, mtundu wa ndege, ndi mphindi zimene wauluka. Usiku uno timabukuti tikuyenda dzanja ndi dzanja m'zipinda zonse.

Lachinayi

Lero kunali kwa otsala, ndi kwa akuluakulu pang'ono amene anaulukapo kale. Amenewa amaloledwa kupempha masewera a m'mwamba, woyendetsa akaona kuti n'kotheka. Mkulu wa makadeti uja anapempha kuzungulira chagada. Ndege imayamba yatsika kuti itole liwiro, kenako woyendetsa amakoka ndodo mpaka mphuno italoza kumwamba, n'kupitirira mpaka nthaka itaonekera pamwamba pa mutu kudzera m'denga lagalasi, n'kutsikiranso mbali inayo. Pokoka paja thupi limalemera katatu kapena kanayi kuposa masiku onse. Mnyamatayo akuti anayesa kukweza dzanja koma linakana, masaya n'kumakokekera pansi. Tutor inapangidwa kuti ipirire kulemera kasanu ndi kamodzi, choncho zimenezi n'zochepa kwa iyo.

Si onse amene anatsika akumwetulira. Mtsikana wina anabwera atagwira kathumba kosanziramo, nkhope itatuwa, manyazi atamugwira. Nseru ya mu ndege imabwera pamene maso akunena china, ziwalo za m'kati mwa khutu zomwe zimamva kupendeka kwa thupi zikunena chinanso. Imakula munthu akaweramira m'kati, ndipo imachepa akayang'ana kutali, akalola mpweya wozizira kumuwomba kumaso, kapena akagwira yekha ndodo. Woyendetsa wake, mayi wa imvi, anatsika naye mpaka kunyumba kuja, n'kumuuza pamaso pa anzake kuti anachita bwino kunena msanga, ndi kuti oyendetsa ambiri anayamba chomwecho. Anzake amene ankafuna kuseka anangokhala chete.

Panalinso mnyamata wina wa zaka 14, wolongolola kwambiri sabata yonseyi. Anavala zonse, anayenda mpaka pandege, anaponda paphiko, n'kuima. Kenako anatsika. Palibe amene anamukalipira kapena kumunyengerera. Anamuvula parachuti, wotsatira n'kuvala. Ndinakhala naye panja pa benchi.

"Mayi, miyendo inangokana. Anzanga andiseka."

Ndinamuuza kuti mu ndege munthu amene amanena zoona za mmene akumvera ndiye amadaliridwa, ndipo mwayi sunathere lero. Sanayankhe, koma anakhala pomwepo kuonerera ndege zonse zikunyamuka ndi kutera.

Pa nthawi yopuma ndinacheza ndi mmodzi wa oyendetsa. Ambiri mwa iwo ndi asilikali a mumlengalenga, ena akadali pantchito, ena anapuma, ndipo alipo amene anayendetsapo ndege zankhondo zothamanga kuposa liwiro la mawu. Bambo ameneyu anandiuza kuti chovuta pa ntchitoyi si ndege, koma kumuwerenga mwana amene wakumana naye mphindi zisanu zapitazo, nkhope yake itabisika m'helemeti. Mwana akasiya kuyankhula, iye amadziwa kuti nthawi yowongola mapiko ndi kutsegula mpweya yakwana.

Masana mphepo inatembenuka n'kuyamba kuwomba chopingasa msewu wa ndege. Tinkaona Tutor ikubwera kudzatera mphuno italoza chammbali, n'kuwongoka itatsala pang'ono kugunda pansi. Ndege iliyonse ili ndi malire a mphepo yopingasa imene ingaterere, ndipo mphepo ya lero inawayandikira. Maulendo anaimitsidwa ana awiri asanakwere: mnyamata wa chimfine uja, yemwe lero anali atachira, ndi mtsikana wina amene dzina lake linali kumapeto kwa bolodi.

Lachisanu

Tinadzuka m'chifunga chokhuthala, moti ngakhale nsanja ya College Hall sinkaoneka. Tinapita kubwalo ndi awiri aja, tikuyembekeza kuti dzuwa likakwera chibalalika. Chinayamba kupepuka mochedwa, nthawi yoti tinyamuke itakwana kale. Anavula maovolosi osakwera. Mtsikanayo analira pang'ono m'minibasi, anzake n'kumukhazika pakati pawo.

Panjira nkhani zinali za zimene zikubwera. Ena akufuna kukayesa ndege yopanda injini ya Viking, imene imakokedwa ndi chingwe n'kumasulidwa m'mwamba. Kuno munthu amaloledwa kuiyendetsa yekha ali wamng'ono kuposa msinkhu woyendetsera galimoto. Mtsikana wamng'ono uja anandifunsa maphunziro amene munthu amafunika kuti adzakhale wokonza injini za ndege, ndipo ndinamuuza kuti alimbikire masamu ndi sayansi, ndi kuti tikafika ndimupezera munthu wa ntchitoyo acheze naye.

Gulu lathu limapatsidwa masiku ena oulukira m'kati mwa chaka, ndipo mndandanda wake ndimasunga ndine. Mayina a awiri aja ndawalemba pamwamba. Titaima panjira kuti timwetse mafuta, mnyamata amene anatsika paphiko dzulo anabwera pawindo langa n'kupempha kuti dzina lake likhale lachitatu, ndipo ndalilemba.